Madzi Osamba M'manja a Apongozi Anga

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo! Ndati Ambuye alemekezeke! Eya, tsopano ndamva kuti muli moyo.

Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Mwati five minutes. Ndikuuziranitu kuti ndiba zina, mundikhululukire.

Ambiri mumandidziwa. Ndine bambo a Tadala, a ku Tyrrelstown. Amene simundidziwa, ndine uja ndimakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, wothawa msanga chifukwa cha shifiti. Ndimagwira ntchito ya care. Zaka fifteen ndikusamalira nkhalamba za eni dziko lino. Kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza pabedi. Ndinkadzitama, abale. Ndinkati ine ndikangolowa m'nyumba yosamalira okalamba, mphuno yokha imandiuza ngati ili yabwino kapena ayi. Mawu amenewo muwasunge, muwafuna kutsogoloku.

Chikwama ichi ndachinyamula dala. Muli beseni la pulasitiki ndi jagi. Musaseke, mayi Phiri, ndakuonani. Beseni limeneli ndiye umboni wanga.

Mkazi wanga Esinati anatisiya zaka zitatu zapitazo. Ambiri munalipo pa maliro. Anandisiyira anthu awiri, mwana wathu Tadala ndi amayi ake omubala, apongozi anga a Nabanda. Iwo anabwera kuno kalekale kudzalera Tadala ali wakhanda, n'kukhaliratu. Tsiku lomaliza kuchipatala Esinati anandigwira dzanja. Sananene za nyumba. Sananene za galimoto. Anati, "Bambo a Tadala, amayi. Musawataye amayi." Ine ndinati, "Sindiwataya."

Tsono ana obadwira kuno mvetserani, chifukwa nkhani yagona apa. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatsana ulemu wa patali. Sukhala nawo pampando umodzi. Suwayang'ana m'maso. Kuchipinda kwawo sulowa. Ndipo iwo sadya iwe ukuona. Zaka twenty-four m'nyumba imodzi, ine sindinawaonepo a Nabanda akutafuna. Ngakhale nthochi! Chakudya chikapsa, Esinati ankawapititsira kuchipinda, ine n'kutsala pabalaza ndi mpira wanga pa TV. Tikakumana pamasitepe, iwo ankatembenukira kukhoma, ine n'kudutsa mutu uli pansi. Tinkakondana, musamve molakwa. Koma chikondi chathu chinali cha kuseri kwa chitseko.

Esinati atapita, mutu wa apongozi unayamba kusokonekera. Madokotala anati ndi dementia, matenda oiwalaiwala aja. Choyamba chinathawa Chingerezi chochepa chimene anali nacho. Kenako mayina a anthu. Tadala ndiye anasenza zonse, kuwasambitsa, kuwapatsa chakudya. Koma mwana anamaliza maphunziro a unesi, ntchito n'kupezeka ku Australia, monga amachitira ana a kuno. Ndinamuuza ndekha kuti, "Pita mwana wanga, agogo ako ndiwaona." Pakamwa sipachedwa kulonjeza.

Ndinapirira milungu iwiri yokha. Alongo a mpingo uno ankabwera mosinthana, Mulungu awadalitse, koma aliyense ali ndi shifiti yake. Tsiku lina m'mawa, mu January, ndikutuluka m'bafa ndinapeza chitseko cha kunja chili pululu. Ndinathamanga. Ndinawapeza pa siteji ya basi, opanda nsapato, atangomanga chitenje chimodzi, udzu uli mbuu ndi chisanu. Akuti akudikira basi ya ku Mchinji. Ndipo anali atadziipitsira. Abale, ine amene ndasambitsa azungu osawerengeka, ndinaima pakhomo la bafa manja ali lende. Apongozi! Ndiwavule ine? Ndinaimbira mayi Phiri, anabwera pa takisi akuchokera ku ntchito. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndagonja.

Ndinayamba kufufuza malo. Apa ndiye katswiri uja anadzuka. Ndinawerenga malipoti a oyendera nyumbazi. Ndinazungulira nyumba zisanu. Ndinkanunkhiza m'makonde. Ndinkadutsitsa chala pamwamba pa zitseko kufunafuna fumbi. Ndinkawerenga antchito, kuti angati pa nkhalamba zingati. Ina ya ku Drumcondra ndinatulukamo ndisanakhale n'komwe pansi. Nyumba yakale, makatani osuluka, fungo la kabichi lokhalokha. Ndinati apongozi anga sangagone muno. Ndinasankha ina cha ku Citywest. Eee, abale, hotela yeniyeni! Maluwa pakhomo, piyano, aliyense chipinda chake ndi bafa lake, chitseko cha manambala kuti munthu asathawe. Ndinajambula zithunzi n'kutumiza kumudzi, kuti asamati mkamwini wataya nkhalamba.

Tsiku lokawasiya anandipatsa fomu yaitali. Amapemphera kuti? Ndinalemba. Amakonda nyimbo zanji? Ndinalemba. Mankhwala? Ndinalemba pamtima. Kenako panabwera funso lakuti, tiuzeni mmene amadyera. Cholembera chinaima. Ndilembe chiyani? Sindinawaonepo. Manyazi anandigwira kuti ndiuze mzungu kuti zaka zonsezi sindidziwa. Ndinalemba kuti, amadya chilichonse. Mawu awiri. Mawu awiri amenewo anatsala pang'ono kuwapha.

Pamalo paja pali lamulo lakuti nthawi ya chakudya alendo asapezeke, kuti nkhalamba zidye mwabata. Ine lamulolo linandikomera. Mkamwini athawe nthawi ya chakudya, si mwambo wathu womwewo? Ndinkapita three koloko, n'kukhala pampando wa kukhomo, kuwapatsa moni, n'kubwerera. Alongo ankawatengera mandasi. Iwo ankalandira ndi manja awiri n'kubisa pansi pa pilo.

Mlungu wachitatu ndinaona chitenje chayamba kuzungulira kawiri m'chiuno. Mlungu wachisanu mphete yawo inagwa yokha pachala. Ndinaimbira Tadala, ndinamufunsa ndiwo zimene agogo ake amakonda. Ananditchulira. Tinaphika, tinatumiza. Zinabwerera momwemo. Mwana atawaona pa foni analira. Anati, "Dad, should I come home?" Ndinati, "Iyayi, khala, zili bwino." Ndinanama, abusa.

Ndinapempha kuona chati, pepala lija timalembapo zimene munthu wadya. Kadzutsa, phala masipuni angapo. Tiyi, wamwa. Nkhomaliro, refused. Mgonero, refused. Wakana. Wakana. Wakana. Tsamba lonse. Mawu amenewo ndimawadziwa, abale. Dzanja langa lomweli lawalemba kambirimbiri pa makolo a anthu ena, ndikuthamangira chipinda china.

Lachinayi anandiitanira ku miting'i. Dokotala, manejala, ndi nesi. Anthu aulemu, anandipatsa ndi tiyi yemwe. Dokotala anati, "Matendawa akafika kumapeto, thupi limaiwala kudya. Tayesa zofewa, tayesa zotsekemera. Mwina nthawi yakwana yoti tisiye kuwavutitsa, tizingoona kuti sakumva ululu. Auzeni achibale akonzekere."

Ndinafunsa kuti, "Atsala ndi nthawi yaitali bwanji?"

Dokotala sanatchule nambala.

Ndinatuluka. M'galimoto ndinamukalipira Mulungu. Inde, ndinamukalipira. Ndinati, "Munanditengera Esinati. Lonjezo limodzi lokha ndinamupatsa. Ndikamuuza chiyani? Kuti amayi ake ndinawaika mu hotela, n'kufera momwemo ndi njala?"

Ndinabwerera mkati, ndinachonderera kuti andilole kukhalapo nthawi ya chakudya. Anavomera, ine ndekha, popeza ndine wachibale wolembedwa. Lachisanu ndinakhala m'chipindamo. Thileyi itangolowa, apongozi anandiyang'ana, anatembenukira kukhoma, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Nesi anati, "Mwaona? Safuna n'kuchiyang'ana komwe." Ine mumtima ndinati ayi, lero wawaletsa ndine. Taonani msampha wake, abale. Ndikakhalamo sadya. Ndikachoka sindiona chimene chikuwaletsa kudya.

Loweruka ndinaima m'khonde. Chitseko chija chili ndi kagalasi kakang'ono. Mwamuna wamkulu ine, wa imvi, kusuzumira apongozi pa chakudya! Kumudzi ndikanalipira nkhuku. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha.

Mtsikana wa care anaika thileyi patebulo. Mbatatesi yosinja, nkhuku, kaloti. Apongozi anayang'ana chakudyacho, ndipo ndinaona pakhosi pawo pakumeza malovu. Munthu woiwala kudya sameza malovu, abale! Kenako anatambasula manja awiri kumbali kwa tebulo, lina pamwamba pa linzake. N'kudikira. Mtsikana anatenga kapepala konyowa kaja, anawapukuta zala bwinobwino, n'kuwagwiritsa foloko. Iwo anaika foloko pansi. Anatambasulanso manja. Mtsikana anaganiza kuti akupemphera, naye anaweramitsa mutu. Anayesa kuwaika sipuni pakamwa, iwo anatseka milomo. Manja ali chitambasulire. Twenty minutes. Thileyi inanyamulidwa. Ndipo apongozi anga anawomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti, "Zikomo."

Madzi! Abale, ankadikira madzi! Ankadikira munthu woti awathirire madzi osamba m'manja. Foloko anali ataiiwala, anabwerera ku kadyedwe ka kwathu, ka manja. Ndipo mayi wolongosoka wa ku Mchinji sagwira chakudya asanasambe, ngakhale njala imupotokole bwanji. Esinati ankawathirira atagwada. Tadala ankawathirira monga anaonera amayi ake. Ine ndinamufunsa za ndiwo, sindinamufunse za manja. Zaka zonse za kuno ndinazolowera kampopi ndi foloko, mpaka kuiwala. Milungu six, kawiri pa tsiku, nkhalamba ikutambasulira manja anthu achilendo, anthuwo n'kumalemba kuti wakana. Sanakane ayi. Ankapempha.

Ndinathamangira ku shopu, ndinagula beseni ili ndi jagi iyi. Ndinafika nazo kwa manejala ndili wefuwefu. Anandimvetsera bwino, sindimunamizira. Kenako anati, "Madzi akatayikira pansi munthu agwa, athyoka chiuno. Beseni lotseguka m'chipinda ndi nkhani ya majeremusi. Tiyenera kulemba kaye, komiti ione. Ikumana pakatha milungu iwiri. Pakadali pano, m'bafa mwawomo muli sinki."

Tinayesa sinki. Mtsikana uja anawayendetsa pang'onopang'ono mpaka ku bafa, anasamba. Anawabweza pampando. Mapazi khumi okha. Pofika patebulo anali ataiwala kuti asamba. Anatambasula manja.

Milungu iwiri! Ndinayang'ana mikono yawo, yangokhala ngati mapesi. Ndinadziwa kuti milungu iwiri alibe.

Lamulungu limenelo sindinabwere kuno, ena munandifunsa. Ndinaimbira alongo atatu, onse ali pa shifiti. Ndinasaina kuti ndikukawayendetsa panja. Ndinawakankha pa njinga ya odwala mpaka pa galimoto yanga, pa car park. Ndinawakhazika kumpando wa kumbuyo, chitseko chotsegula. Mpunga ndi nyemba ndinali nditaphika m'bakuli, madzi ofunda m'fulasiki. Mvula ikuwaza, ija ya kuno yosadziwa kuleka.

Ndinaima pamenepo jagi ili m'manja. Ndikawathirira, ndaswa mwambo, ndipo akandizindikira adziphimba kumaso, sadya. Ndikapanda kuwathirira, afa. Ndinati, "Ambuye, ulemu munatiphunzitsa ndinu, moyo wopereka ndinunso. Ndisankhireni." Ndinagwada pa tara ponyowa. Ndinayang'ana kumbali, ku tayala. Ndinakweza beseni.

Mphindi inadutsa. Palibe. Mikono yanga inayamba kulema.

Ndiye ndinamva manja akukhudza beseni. Ndinathira. Phokoso la madzi aja, abale, sindidzaliiwala. Anasamba pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Ndinawaikira bakuli pamiyendo osawayang'ana. Ine ndili chiyang'anire tayala. Ndiye ndinamva kutafuna. Koyamba pa zaka twenty-four, ndinamva apongozi anga akutafuna.

Anadya theka la bakuli. Kenako anandigwira paphewa. Anati, "Iwe ndiwe mwana wa yani? Unaleredwa bwino."

Iwe! Apongozi amene sananditchulepo ndi dzina langa lomwe, lero akuti iwe. Sanandidziwe. Anadya chifukwa tsiku limenelo anali atandiiwala. Ndinalira pa car park pomwepo, mvula ikundimenya. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinkalira kukondwa kapena chisoni.

Masiku eleven ndinachita zimenezo, masana aliwonse. Mashifiti ndinasinthanitsa mpaka abwana anayamba kundiyang'ana cham'mbali. Mayi Phiri akapezeka ankabwera kudzandilandira. Koma car park si khomo, ndipo chisanu sichimva umboni. Apongozi anayamba kutsokomola. Ndinayenera kupeza malo ena msanga.

Ulendo uno malipoti ndinawasiya. Mphuno ndinaisiya. Ndikafika pamalo ndinkangoika beseni padesiki n'kufotokoza. Ena anati tiona. Ena anati tumizani imelo. Wina anamwetulira n'kunena kuti ndi chikhalidwe chosangalatsa. Potsiriza, mutu uli pansi, ndinabwerera ku Drumcondra kuja, kwa fungo la kabichi.

Nesi wamkulu kumeneko ndi mayi wachikulire wa konkuno, wolankhula mofulumira. Ndisanamalize n'komwe, anapinda manja a juzi lake. Anati, "Ndionetseni." Ndinamuthirira mu ofesi momwemo. Ndiye anayamba mafunso. "Madzi ofunda kapena ozizira? Ndi sopo kapena ayi? Wothira amaima kapena amagwada? Akatha kudya amasambanso? Mwamuna angawathirire?"

Ine ndinati, "Nanga pansi pakanyowa?"

Anati, "Matawulo tili nawo, bambo. Pansi pamauma."

Abale, malo onse amene ndinayenda ankandiyankha. Mayi uyu yekha ndiye ankandifunsa. Ndipo ine, katswiri wa mphuno, ndinali nditamunyoza chifukwa cha makatani.

Koma bedi panalibe. Ndipo ife a care tikudziwa mmene bedi limapezekera m'nyumba zimenezi. Ndipemphere bwanji? Ndipemphe kuti kholo la mnzanga life? Ndinati, "Ambuye, njira mukuidziwa ndinu, koma isakhale ya maliro." Tsiku lililonse ndikuyang'ana foni, chifuwa cha apongozi chikukula. Tsiku la eleven foni inalira. Bambo wina ana ake anamusamutsira kufupi ndi kwawo. Wamoyo! Akuyenda yekha! Aleluya!

Lero apongozi ali kumeneko miyezi seven. Sanachire, musakanene kuti ndati anachira. Amaiwalabe. Masiku ena amaitana Esinati tsiku lonse. Koma chifuwa chinatha, ndipo chitenje chikuzungulira kamodzi. Pakhoma la chipinda chawo anamata pepala lakuti, madzi ofunda kaye. Anagula beseni lawolawo, ili anandibwezera. Mtsikana wa ku India, wina wa ku Poland, onse amagwada ndi jagi. Makatani akadali osuluka. Fungo la kabichi lilipobe, ndipo ndinalizolowera.

A ku Citywest aja sindiwada. Sanali anthu oipa. Anatsata fomu imene ndinalemba ine. Safunsa anadya phula, ndipo safunsa wake ndine. Tsopano ku ntchito kwanga, ndisanalembe kuti refused, ndimakhala kaye pansi n'kuyang'ana manja a munthu. Inu amene muli ndi makolo akukalambira kuno, musadzapite ndi mphuno ngati ine. Mudzanyamule chinthu chimene kholo lanu silingakhale popanda icho, mukachiike patebulo, muone amene akufunseni mafunso.

Ndikuthokoza alongo a mpingo uno. Mayi Phiri, takisi ija sindinaiiwale. Ndikuthokoza abusa pa mapemphero. Koma chimene chandiimitsa pano lero chachitika Lachiwiri lapitali.

Ndinapita masana monga ndazolowera. Popeza chiyambire tsiku la pa car park lija sandidziwa, ndimaloledwa kuwathirira madzi. Ndine mwana woleredwa bwino uja. Ndinagwada, ndinakweza beseni. Manja sanabwere. Ndinadikira. Sanabwere. Mantha anandigwira, ndinati zayambanso. Ndinadzutsa mutu. Akundiyang'ana. Kenako anakoka chitenje, anadziphimba kumaso, n'kutembenukira kukhoma. Anauza nesi amene anali m'chipindamo m'Chichewa kuti, "Auzeni bambo a Tadala atuluke. Ndingadye bwanji akamwini ali pompano?"

Nesi anandifunsa kuti akuti chiyani. Ndinati akundithamangitsa. Anati pepani. Ndinati ayi, musapepese.

Ndinamupatsa jagi, ndinatuluka, ndinatseka chitseko. Ndinaima m'khonde, kuseri kwa chitseko, pamalo panga pa zaka twenty-four. Pa kagalasi sindinasuzumire. Ndinangomva madzi akutsikira m'beseni.

Andikumbukira, abale. Esinati, amayi sindinawataye. Iwonso sananditaye.

Ndithandizeni kumuthokoza Mulungu ameneyu. Amen.